Mawu a m'mawa: Tiperekeze, kenaka tibwerere kunyumba

1 Atesalonika 4:13-14

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero ndikupempha kuti tiwaperekeze okondedwa athu amene anatisiya, kenaka tibwerere kunyumba, pakuti enafe takhalitsa chiimire pamphambano.

Woyamba kudzudzulidwa ndine. Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni mayi anga, ndipo Lachiwiri usiku ndinapezeka ndikuimbanso nambala yawo ya foni, ndikudziwa bwino lomwe kuti palibe woyankha. Tulo titandithawa, ndinakhala ndikuyang'anitsitsa chithunzi cha mwala wosemedwa umene uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Naples, m'dziko la Italy, umene Aroma anasema potengera wa Agiriki wa zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe. Pamwalapo pali Orpheus, woimba zeze wa m'nthano zawo, amene mkazi wake Eurydice anafa atalumidwa ndi njoka. Orpheus anatsikira kumalo a akufa, ndipo Hades, mfumu ya kumaloko, anamulola kumtenga mkaziyo bola asacheuke mpaka atatulukira kunja, koma anacheuka. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti wosemayo sanaonetse munthu wobuma kapena wodzigwetsa pansi: Eurydice watsamiritsa dzanja paphewa la mwamuna wake, mwamunayo akulikhudza mofatsa, pomwe Hermes, woperekeza mizimu, wagwira kale mkono winawo kuti am'bweze.

Kwathu mlendo akatsanzika timam'nyamulira kachikwama mpaka pamphambano, timamuuza kuti ayende bwino, ndipo timabwerera, chifukwa tasiya poto pamoto ndipo ana akudikira. Kuperekeza ndi ulemu, koma kuima pamphambano mpaka dzuwa kulowa kumapsereza nsima ndi kugoneka ana ndi njala. Mlongo wanga, m'bale wanga, poto wanu mwamusiyira yani? Amoyo amene Mulungu anakusiyirani adzadikira mpaka liti?

Paulo analembera anthu a ku Tesalonika, mzinda wa Agiriki kumene nthano zotere sizinali zachilendo, ndipo sanawaletse kulira. Anangokana kulira kwa anthu opanda chiyembekezo. Pamwala uja palibe amene adzam'tulutsenso Eurydice, n'chifukwa chake dzanja likukakamira paphewa. Ife tinawaperekeza tikudziwa nyumba imene alowera ndi Mwini wake, amene anatsikira kwa akufa natulukako, ndiponso analonjeza kudzabwera nawo pamodzi. Tili ndi chifukwa chobwererera kunyumba, ngakhale misozi ikutsika njira yonse.

Nambala ya mayi sindinaifufute, ndipo sindinama kuti ndiifufuta lero. Koma m'mawa uno ndamuimbira mng'ono wanga, amene ndakhala ndisakumuyankha chichokereni kumanda, ndipo tapangana kuti Loweruka abwere tidzadyere pamodzi.