Mawu a m'mawa: Mukadakhala kuno, Ambuye

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tilingalire Miyambo 13:12, pamene timamva kuti chiyembekezo chozengereza chimadwalitsa mtima.

Mu Ogasiti 2008, kampani ya Warner Bros. ku America idalengeza kuti filimu yachisanu ndi chimodzi ya Harry Potter situlukanso pa 21 Novembala monga idalonjezera, koma mu Julaye 2009. Miyezi isanu ndi itatu yowonjezera! Anthu anali ataonera kale kachidutswa kolengezera filimuyo, ena atachonga kale tsikulo pa kalendala, akuwerenga masabata. Ngakhale magazini ya Entertainment Weekly, imene inali pansi pa mwini mmodzi ndi kampaniyo, inali itaika kale nkhope ya Harry, mnyamata wa m'filimuyo, pachikuto. Mkwiyo udabuka. Anthu miyandamiyanda adasainira zikalata zodandaula pa intaneti, mauthenga aukali adasefukira kukampaniko, mpaka mkulu wake, Alan Horn, adachita kulemba mawu opepesa.

Chimene chidawawa anthu kwambiri chinali chifukwa chake. Ntchito sidachedwe ayi, filimuyo ikadatha kutuluka pa nthawi yake. Koma sitalaka ya olemba mafilimu a ku Hollywood, imene idatenga masiku 100 kuchokera mu Novembala 2007 mpaka mu Febuluwale 2008, idachititsa kuti mafilimu akuluakulu a pakati pa chaka cha 2009 achepe. Imeneyo ndi nyengo imene ana a ku America amakhala pa holide, ndipo m'nyumba zoonetsera mafilimu mumadzaza. Kampani idaona kuti ndalama zili kumeneko. Sidalakwitse masamu: filimuyo idapanga madola opitirira 900 miliyoni padziko lonse.

Ine anthu amenewa sindiwaseka, ngakhale wina anganene kuti inali filimu chabe. Ululu wawo ndimaudziwa. Kudikira chinthu chimene sichinakonzeke kumapiririka. Koma kudziwa kuti chinthucho chilipo, chatha, wina wangochitsekera m'kabati chifukwa zikumukomera iyeyo, kumeneko kumapweteka mwa mtundu wina. Umaona kuti mwini wakeyo sakukuwerengera.

Ndipo tikanena zoona, ambiri a ife Mulungu timamuganizira chomwecho. Mwapempherera mwana zaka zisanu. Makalata ofunsira ntchito mwalemba mpaka kutopa. Mankhwala mukumwa koma thupi silikusintha. Mumtima mumati: Iye angathe, palibe chomulepheretsa, nanga akusungiranji? Pakamwa timaimba, koma m'kati tadwala.

Tsegulani Yohane 11. Uthenga udafika kwa Yesu kuti Lazaro akudwala. Ndime 5 ikuti Yesu ankakonda Marita, m'bale wake Mariya, ndi mlongo wawo Lazaro. Ndime 6 ikuti atamva, adakhalabe masiku ena awiri kumene anali. Pofika ku Betaniya, Lazaro anali atagona m'manda masiku anayi. Marita adamuchingamira panjira ndi mawu olemera: Ambuye, mukadakhala kuno, mlongo wanga sakadafa. Mariya naye adagwa pamapazi ake nanena mawu omwewo. Ziyenera kuti masiku onsewo alongo awiriwa ankauzana zomwezi, maso ali kumsewu.

Yesu sadawadzudzule. Sadawauze kuti akusowa ulemu. Ataona Mariya akulira, mtima wake udavutika, ndipo nayenso adalira.

Tsono taonani chimene kuchedwa kuja kudamutengera. Ophunzira ake anali atamuchenjeza kuti ku Yudeya anthu ankafuna kumuponya miyala, koma adapitabe. Kuchiritsa wodwala sikukadautsa phokoso lalikulu. Kuukitsa munthu amene wagona m'manda masiku anayi, pafupi ndi Yerusalemu, khamu la olira likuona, kudafika msanga m'makutu mwa akulu a ansembe. Ndime 53 ikuti kuyambira tsiku limenelo adapangana zoti amuphe. Kampani ija idazengereza kuti ipindule. Yesu adazengereza, ndipo potulutsa Lazaro m'manda anali akuyandikira manda ake omwe.

Marita adali wokhumudwa, komabe adadzuka nkupita kwa Iye, nanena zakukhosi pamaso pake. Ambirife tikakhumudwa timangokhala chete, pemphero nkumafupika, mpaka tsiku lina tazindikira kuti padutsa mwezi tisanagwade. M'mawa uno musabise. Mutchulireni chinthucho ndi dzina lake, ndi zaka zimene mwadikira.

Tipemphere. Atate, ena a ife tadzuka ndi mitima yodwala. Masiku amene tinkayembekezera adadutsa, ndipo takuganizirani zoipa, ngati kuti simutiwerengera. Tikhululukireni. Tabwera monga Marita, ndi madandaulo athu m'manja. Imani nafe pamanda pamene taika zimene tinkazikonda. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.