Nkhani zoopsa zimachita kupekedwa: zimene aphunzitsi adanena pa msonkhano wa makolo

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse. Amayi kumbuyoko sendererani kuno, mthunzi ulipo.

Mwamva zimene zidachitika Lachiwiri usiku kogona atsikana. Mmodzi ankawerengera anzake nkhani ya pafoni, ya munthu wopopa magazi. Mbuzi itangogunda chitseko, onse liwiro, wina mpaka kubinya mwendo podumpha pawindo. Ndiye mvetsani: nkhani zimenezi zimachita kupekedwa. Wina adakhala pansi n'kuzipanga kuti inu muope.

Si zachilendo ayi. Tonsefe tidakulira pamoto, agogo akuti "padangokhala", ife "tili tonse", nthano ya chilombo chomeza mudzi wonse. Ikatha, kukataya madzi panja mpaka wina akuperekeze. A Phiri musaseke, inunso munkatero! Anzathu a ku Ulaya adangoziika m'mabuku. Mu 1764, Horace Walpole wa ku England adatulutsa buku la mizukwa ya m'nyumba yakale yachifumu, The Castle of Otranto. Tamvani ukathyali wake: adanamiza anthu kuti si lake, akuti ndi zolemba zakalekale za ku Italy zimene zidangomasuliridwa. Litayenda malonda m'pamene adaulula. Chiyambire, opeka nkhani zoopsa amaziveka malaya a zoona.

Mu 1816, m'mbali mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland, mvula idatsekera anthu angapo m'nyumba. Nyengo idasokonekera chaka chimenecho chifukwa phiri la Tambora ku Indonesia lidaphulika mu 1815. Posowa chochita, mmodzi wa iwo, wolemba ndakatulo wa ku England dzina lake Lord Byron, adati aliyense apeke nkhani ya mizukwa. Mary Shelley, wa zaka 18 zokha, msinkhu wa ana athu a Folomu 4, adayamba buku la Frankenstein, lomwe lidatuluka mu 1818. Dokotala wa Byron, John Polidori, adalemba za wopopa magazi. Kenako mu 1897 Bram Stoker adatulutsa Dracula, buku lina la wopopa magazi, lolembedwa ngati makalata ndi zodula m'nyuzipepala kuti lioneke lenileni. Zopeka zonsezi, makolo, zopeka!

(Bambo wina: Nanga aphunzitsi, anamapopa aja a 2017 analinso a m'buku?)

Mwafunsa bwino bambo, khalani pansi ndikuyankheni. Mphekesera ndiyo idayamba, mabuku adabwera pambuyo. Ku Serbia mu 1725, anthu a m'mudzi wina atafa motsatizana, otsala adafukula maliro a Petar Blagojević n'kuwabaya ndi mtengo wosongoka, akuti ndiye amawayamwa magazi usiku. Wa boma adalemba lipoti, nkhani idafala ku Ulaya, olemba mabuku n'kutolapo. Kwathu kuno mu 2017, ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mukukumbuka: anthu kugona panja, misewu kutsekedwa, azaumoyo kuopa kulowa m'midzi. Nanga amene adafa ndani? Anthu ongowaganizira, ophedwa ndi gulu. Buku lili ndi dzina la mwini wake pachikuto, mukatopa nalo mumalitseka n'kugona. Mphekesera ilibe mwini. Aliyense amangoti "ndamva kwa mlamu wanga". Ndipo ena a inu, sinditchula maina, mumatumiza mauthenga oterewa pa WhatsApp musanamalize n'komwe kumvetsera. Ana akutengera inu.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Musawalande ana mabukuwa, akuphunziramo chinenero. Koma afunseni: walemba ndani, liti? Aang'ono asamvere zoterezi pogona. Mafoni kogona atsikana ayi, tidagwirizana kale. Uthenga wopanda mwini usapitirire pafoni yanu. Mukakayikira mlendo, pitani kwa amfumu kapena kupolisi, osatola mwala. Ndipo muziwauza anawo kuti zimachita kupekedwa.

A komiti tsalani pang'ono, pali nkhani ya windo lija.