Kuchepetsa thupi osataya mphamvu: zomwe zinakambidwa pa msonkhano wa ku Matawale, mumzinda wa Zomba

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse amene mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi, pali zina zofunika kuona ndi maso.

Ndiyambe ndi mayi wina amene ndimadziwana naye, dzina sinditchula. Anapita kuchipatala mutu ukumuwawa, atamuyeza anapeza BP yakwera, n'kumuuza kuti achepetse thupi. Atafika kunyumba anangoti basi, nsima ndasiya. M'mawa tiyi, masana tiyi, madzulo masamba owiritsa. Patatha miyezi itatu sikelo inatsika kwambiri ndipo iye anakondwa. Koma nditakumana naye pampope, chidebe chomwe kale ankadzitwika yekha anachita kuitana mtsikana kuti amutwike. Khungu la pansi pa mkono apa linkalendewera ngati thumba lopanda kanthu, ndipo kachitunda kakang'ono ankapumira kawiri. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mayi uja akudwala, mukudziwa momwe timachitira kuno munthu akaonda msanga. Manong'onong'owo kuphatikiza njala zinamubwezera ku nsima mwaukali, ndipo chaka chisanathe anali atanenepa kuposa poyamba. Zimandipweteka mpaka lero, chifukwa khama anali nalo, anangosowa womuuza chinthu chimodzi.

Chinthu chake ndi ichi. Sikelo simasankha. Ukaimapo imayeza zonse pamodzi, mafuta, minofu, mafupa, madzi, ndi nsima yomwe wangodya kumene. Ukadzimana chakudya kwambiri uku minofu ikungokhala, thupi silidya mafuta okha ayi, limadyanso minofu. Kawirikawiri pa makilo 4 amene achoka mwa njira imeneyi, pafupifupi kilo imodzi simakhala mafuta. Chonsecho minofu ndi imene imakudzutsa pamphasa, imagwira mawondo ndi msana, komanso ndi imene imatenga shuga wambiri m'magazi ukamaliza kudya. Kuwonjezera apo, munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa yokha pang'onopang'ono, ndipo akadutsa zaka 60 imachepa mofulumira. Ndiye munthu wa zaka 45 akamadzipha ndi njala, akuthamangitsa ukalamba wake womwe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2020 onena kuti munthu wamkulu azichita zinthu zomutulutsa thukuta, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Izi ambiri mukuzidziwa, ndipo amene mumakwera msewu wa ku Ku Chawe Loweruka m'mawa musasiye. Koma malangizo omwewo ali ndi mbali ina imene timaidumpha: masiku awiri kapena kuposa pa sabata olimbitsa minofu ikuluikulu. Minofu ikamapatsidwa katundu, thupi limaona kuti ikufunikabe, ndiye limaisunga n'kumadya mafuta. Apa mpamene munthu amaonda koma thupi lili gwa, zovala n'kumamukhala bwino.

Ndamva amayi uko akuti, ife timalima, timasinja, timatunga madzi. Zoona amayi, ndipo amene mukuchitabe zimenezo muli patsogolo. Koma tinene chilungamo. Ambirife chimanga timapita nacho kuchigayo, madzi ali pampope pafupi, kupita ku Mpondabwino timakwera kabaza, ndipo tsiku lonse timakhala pabenchi kudikira makasitomala. Khasu nalo ndi la nyengo, ndipo limagwiritsa ntchito msana wowerama kuposa china chilichonse.

Achimwene, tandibwerekani mpando uwo. Onani. Ndaima kutsogolo kwa mpando, mapazi atalikirana molingana ndi mapewa. Ndikubweza matako kumbuyo ngati ndikufuna kukhala, ndangokhudza mpando, ndadzuka. Zidendene sizikunyamuka, msana sukupindika, mawondo akuloza komwe kukuloza zala za kuphazi. Potsika ndikukoka mpweya, podzuka ndikuutulutsa. Musamaumire mpweya m'chifuwa, makamaka inu a BP, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi nthawi yomweyo. Chitani ka 10 kapena ka 12, pumani mphindi imodzi, bwerezani mpaka maulendo atatu. Pa ulendo uliwonse, kudzuka kuwiri komaliza kuzikhala kovuta ndithu, ntchafu zizimva kutentha. Tsiku limene ka 12 kadzakhale kophweka, musadzangopitiriza momwemo chaka chonse, minofu imazolowera. Mudzatenge chigubu cha malita 5, mudzaze madzi, muchikumbatire pachifuwa. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye chigubu chimenecho ndi makilo 5, ndipo mutha kuyamba ndi theka n'kumawonjezera. Palibe chogula.

Chigubu chomwecho n'chothandizanso kumsana. Dzanja limodzi gwirani tebulo, weramani msana uli wowongoka, kokerani chigubu m'mwamba mpaka chigongono chidutse nthiti, tsitsani pang'onopang'ono, kenako sinthani dzanja. Za chifuwa ndi mikono, tsamirani khoma ndi zikhatho, pindani zigongono mpaka nkhope iyandikire khoma, kenako kankhani. Khoma likaphweka pitani patebulo lolimba, kenako pansi. Pomaliza gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, nyamulani chiuno m'mwamba mutafinya matako. Zonsezi mphindi 30 zakwana. Lolemba ndi Lachinayi, kapena masiku ena alionse bola pakati pakhale tsiku lopuma, chifukwa minofu imamangika popuma ndi pogona. Sabata yoyamba thupi lidzaphwanya, makamaka tsiku lachiwiri, ndipo limasiya lokha.

Atsikana ena amaopa kuti adzaoneka ngati amuna. Musaope, mahomoni amene amakulitsa minofu kwambiri ndi ochepa m'thupi la mkazi. Za mimba nazo ndinene mwachidule: palibe masewera amene amachotsa mafuta pamimba pokha, mafuta amachoka thupi lonse. Lamba womanga pamimba amangokutulutsani thukuta, ndipo tiyi woonditsa wambiri amene mumaona pa Facebook amangotsegula m'mimba. Chimachokacho ndi madzi ndi ndalama zanu.

Tsopano mbale. Nsima musasiye. Ngati mumadya mitanda itatu, bwerani pa iwiri, ndipo ikhale ya mgaiwa ngati n'kotheka. Malo otsalawo dzazani ndi masamba, koma chimene sindikufuna muchepetse ndi zakudya zomanga thupi, chifukwa popanda izo minofu ilibe chomangira. Kuno tili ndi mwayi: matemba a ku Chilwa, usipa, nyemba, nandolo, khobwe, soya, mazira. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 6. Pa chakudya chilichonse pazikhala chimodzi mwa zimenezi, kuyambira m'mawa, osati tiyi ndi mandasi okha. Kochepetsa kwenikweni ndi kwa shuga ndi mafuta ophikira. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana timasupuni tating'ono pafupifupi 8. Tchipisi cha pachiwaya chikhale cha apo ndi apo. Mukamatsika ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata, mukuyenda bwino.

Sabata zina sikelo idzaima, musataye mtima. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, muchipinde pakati, muchizungulize m'mimba cha pamchombo. Chikakumana, muli pabwino. Chikapanda kukumana, yesaninso mwezi uliwonse muone mpata ukuchepa.

Amene BP yanu ndi yokwera kwambiri, amene mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni wake, oyembekezera, ndi amene mwachitidwa opaleshoni posachedwa, yambani mwafunsa kuchipatala chathu cha Matawale kapena ku Zomba Central. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubaya m'bondo, siyani pomwepo. Ndipo ngati thupi likutha lokha inu osasintha kadyedwe, kumeneko si kuonda komwe tikukamba, pitani mukayezetse shuga, TB ndi HIV.

Tsopano amene muli pamipando dzukani, muime kutsogolo kwa mpando wanu. Anganga, inu gwirani dzanja la mdzukulu wanuyo, muchite kasanu kokha. Amene muli pamphasa mudikire, tisinthana. Zidendene pansi, matako kumbuyo, tiyeni tiwerenge limodzi.