Nkhandwe yonyamula kiyi wa nkhokwe

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu athu a lero akuchokera pa 1 Akorinto 4:2, pomwe Paulo akunena kuti munthu wosungitsidwa zinthu za mwini ayenera kukhala wokhulupirika.

Ku Kyoto, m'dziko la Japan, kuli kachisi wa chipembedzo cha Shinto wotchedwa Fushimi Inari, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 711. Kumeneko anthu amapembedza mulungu wawo wotchedwa Inari, amene amakhulupirira kuti ndiye amadalitsa mpunga, zokolola ndi malonda. Njira yokwera phiri imadutsa m'zipata zofiira zikwizikwi, zambiri zoperekedwa ndi amalonda pothokoza. Pamakomo pamakhala ziboliboli za nkhandwe, zina zitamangidwa kansalu kofiira m'khosi. Ina yaluma ngala ya mpunga, ina mpukutu, ina kiyi wa nkhokwe.

Mlendo akaona zimenezi amafulumira kunena kuti anthuwa amalambira nkhandwe. Eni ake amakana. Kwa iwo nkhandweyo ndi mthenga wa Inari, wotumidwa chabe. Kiyi ali m'kamwa mwake, koma mpunga uli m'nkhokwemo si wake. Ife sitipembedza nawo kumeneko, komabe mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo ine yandigwira mtima kwambiri.

Nthano za ku Japan zimadziwanso nkhandwe ya mtundu wina, yosatumikira aliyense, imene imasanduka munthu n'kumapusitsa anthu. Yotchuka kwambiri ndi ya michira 9, imene amati inadzisandutsa mkazi wokongola, Tamamo-no-Mae, n'kudwalitsa mfumu imene inkamukonda. Nzeru zake n'zofanana ndi za inzake ya pakachisi ija, mphamvunso n'zomwezo. Zasiyana pa amene zikumugwirira ntchito.

Olemba manga, mabuku a nkhani za zithunzi aja, amatunga kwambiri m'nthano zimenezi. Achinyamata athu ambiri amamudziwa Naruto, nkhani ya Masashi Kishimoto imene inatuluka kuyambira 1999 mpaka 2014. M'nkhaniyi, nkhandwe ya michira 9 inasakaza mudzi, ndipo anaitsekera m'thupi la khanda lotchedwa Naruto. Mwanayo anakula akusalidwa chifukwa cha chilombo chimene sanachisankhe. Patapita zaka, mphamvu yomwe inagwetsa nyumba ija inayamba kuteteza mudzi womwewo. Inu makolo amene mumangoti ana akuonera zidole, tsiku lina mudzawafunse za nkhandweyi, mudzamva zambiri.

Tsono funso la m'mawa uno likubwera kwa ife. Ambirife tadzuka tili ndi kiyi wa mwini. Msungichuma wa mpingo, mayi wosunga bokosi la banki m'khonde, wogwira ntchito kosungira mankhwala kuchipatala, mphunzitsi amene makolo amusiyira ana awo tsiku lonse. Kiyi akakhalitsa m'thumba, mtima umayamba kunong'oneza kuti nkhokweyo ndi yathu. Zimayamba pang'ono: ndingobwerekako, ndibweza mwezi ukatha, palibe adziwe. Yohane M'batizi anali ndi khamu lomutsatira, ena mpaka kumufunsa ngati ndiye Khristu, koma anayankha mosabisa kuti iye ndi wotumidwa patsogolo basi.

Tipemphere. Atate, lero tigwira ndalama, mankhwala, ana ndi zinsinsi za anthu ena. Tithandizeni kuti madzulo tikabweze zonse zili zathunthu, ndipo amene tinatengapo kale mutipatse kulimba mtima kokaulula ndi kubweza. M'dzina la Yesu, Ameni.