Kodi Masitazi Ndiyo Ingakufikitseni Kokaphunzitsa Chingerezi Kunja?

[Wofotokoza waima m'mbali mwa mtsinje wa Shire, mlatho wa Bakili Muluzi ukuoneka kumbuyo]

Moni nonse amene mukutionera, kuno ku Mangochi ndi kulikonse kumene muli. Lero ndikulankhula makamaka ndi inu aphunzitsi a Chingerezi, kaya muli pa boma pano, ku Namwera, ku Monkey Bay kapena ku Makanjira, ndinso inu achimwene ndi achemwali amene mwangotuluka kumene ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Funso limene likuzungulira pakati pathu ndi ili: ndikafuna kukaphunzitsa Chingerezi kunja, kodi ndiyambe ndapeza masitazi, digiri yachiwiri ija?

Ine ndikuti ayi, musayambire pamenepo. Masitazi ili ndi malo ake, ndipo tifikako. Koma kwa Mmalawi si chinthu choyamba chimene olemba ntchito kunja amayang'ana, pomwe ndalama zake zingasiye banja lonse lili m'ngongole kwa zaka.

Choyamba chimene amayang'ana ndi pasipoti. Izi ndi zowawa, koma ndi bwino muzimve musanawononge ndalama. Ku South Korea, viza ya E-2 ya aphunzitsi a Chingerezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi mulibe m'ndandandamo. Ife amene tinalemba pafupifupi mayeso onse m'Chingerezi kuyambira Sitandade 8 mpaka ku yunivesite, amene makhoti athu ndi Nyumba ya Malamulo zimayendera Chingerezi, lamulo lawolo silitiwerengera. Ine ndimaona kuti si chilungamo, chifukwa tili ndi aphunzitsi odziwa galamala kuposa ambiri obadwira ku London. Koma masitazi siisintha chikuto cha pasipoti. Ngati maloto anu ali ku Seoul, chaka china cha sukulu sichichotsa chopingachi.

Tikachoka pa pasipoti, pepala limene maboma ambiri amafuna kuti akupatseni chilolezo chogwirira ntchito ndi digiri yoyamba. Taonani ku Japan. Pulogalamu yawo ya JET, imene inayamba mu 1987 ndipo imatumiza alendo kukathandiza aphunzitsi m'masukulu a boma, imafuna digiri yoyamba, ngakhale isakhale ya uphunzitsi. Ku Thailand ndi ku Vietnam, kumene anthu ochokera m'mayiko ngati lathu amalembedwa ntchito ndithu, amafuna digiri yoyamba, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, kawirikawiri satifiketi ya TEFL (ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina), komanso umboni wa Chingerezi chanu kudzera m'mayeso monga IELTS kapena TOEIC. Inde, mudzalemba mayeso osonyeza kuti mumadziwa chiyankhulo chimene mwakhala mukuphunzitsa zaka zonsezi. Ku China nako viza ya ntchito imayambira pa digiri yoyamba, kungoti msika wake unachepa kwambiri kuyambira mu 2021, boma litaletsa makampani ochita phindu ndi maphunziro oonjezera a ana.

Choncho aphunzitsi anga amene muli ndi dipuloma, kaya ya ku Domasi kaya ya kwina, nkhani ya masitazi sinakufikeni. Kandalama kamene mwasunga kapite ku digiri yoyamba.

[Wofotokoza ali m'kalasi lopanda ana, pafupi ndi bolodi]

Tsopano tibwere m'kalasi, chifukwa apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Timaganiza kuti popeza taphunzitsa Folomu 4 zaka zambiri, ana n'kumakhoza MSCE, ndiye kuti kulikonse tikhoza. Koma taganizirani zimene timachita mwana akapanda kumva. Timatembenukira ku Chichewa, kapena kuno kwathu ku Chiyao, kumufotokozera pang'ono, kenako n'kubwerera ku Chingerezi. Ku Hanoi, likulu la Vietnam, simudzakhala ndi pothawira pamenepo. Mudzaima pamaso pa anthu amene inu simukumva chiyankhulo chawo, iwonso chanu akudziwa mawu owerengeka, ndipo mphindi 60 zija muyenera kuwachititsa kuti alankhule. Osati kukopera manotsi pa bolodi, kulankhula. Muyenera kudziwa kupereka malangizo ndi mawu ochepa, kufunsa funso loti mudziwe ngati amvadi osati kungogwedeza mutu, kuwaika awiriawiri kuti iwo azilankhula kwambiri kuposa inu, ndi kudziwa nthawi yokonza cholakwa ndi nthawi yochisiya kaye chidutse.

Luso limeneli ndi limene makosi afupiafupi monga CELTA amaphunzitsa. CELTA ndi satifiketi yochokera ku Cambridge. Ndi ya maola pafupifupi 120, imatha m'masabata 4 kapena 5 ngati mukuphunzira tsiku lonse, ndipo mkati mwake muli maola 6 amene mumaphunzitsa ophunzira enieni, mlangizi atakhala kumbuyo akulemba zonse zimene mukuchita. Mukatuluka amakuuzani mosabisa pamene munalankhula kwambiri, pamene ophunzira anasochera. Ina yofanana nayo ndi CertTESOL ya Trinity College London. Mwini sukulu ya ziyankhulo akaona mapepala amenewa amadziwa kuti munthuyu wina anamuonapo akuphunzitsa. Masitazi zambiri sizipereka umboni umenewo. Zimakuphunzitsani mmene munthu amaphunzirira chiyankhulo chachiwiri, kapangidwe ka mayeso, kachitidwe ka kafukufuku, pomaliza n'kulemba pepala lalikulu. Ndi nzeru zabwino zedi, koma munthu akhoza kumaliza zonsezo asanaimepo pamaso pa kalasi la oyamba kumene.

CELTA imaphunzitsidwa ku Cape Town ndi ku Johannesburg, ndipo masiku ano ilipo ya pa intaneti. Amene mungasankhe ya pa intaneti, konzani kaye nkhani ya magetsi ndi netiweki, chifukwa kuzima pakati pa phunziro limene akukuyesani si nkhani yaing'ono. Samalaninso ndi masatifiketi a TEFL otchipa kwambiri, amene mumangodina mayankho pa foni n'kulandira pepala mawa lake. Ena amawalandira, koma masukulu olipira bwino amafunsa ngati munaphunzitsapo wina akukuonani.

Nanga masitazi imagwira ntchito pati? Ku yunivesite. Mayunivesite ndi makoleji a ku Saudi Arabia, Oman, Qatar ndi United Arab Emirates ali ndi chaka chokonzekeretsa ophunzira atsopano pa Chingerezi, ndipo ambiri amafuna mphunzitsi wa masitazi. Mayunivesite a ku Japan nawo amaifuna, nthawi zambiri pamodzi ndi zolembalemba za kafukufuku zimene munasindikiza. Imathandizanso mukafuna kukhala woyang'anira maphunziro pa sukulu, wophunzitsa aphunzitsi anzanu, kapena wolemba mabuku ndi mayeso. Ntchito zimenezi ndi zimene zili ndi malipiro abwino ndi tchuthi chachitali, n'chifukwa chake anthu amazilakalaka.

Koma mvetserani bwino apa. Masitazi imene amafuna ndi ya TESOL kapena Applied Linguistics, yokhudza kaphunzitsidwe ka chiyankhulo. Ya utsogoleri wa masukulu kapena ya zolembalemba (literature) saiwerengera chimodzimodzi. Amafunanso zaka zingapo zophunzitsa anthu akuluakulu, ndipo ena amawerenga zaka zokhazo zimene mwagwira mutalandira kale digiriyo. Kuonjezera apo, ena mwa mayiko a Aluya akhala akukana digiri zophunziridwa pa intaneti. Munthu akhoza kulipira zaka ziwiri ali pakhomo pano, akusangalala kuti wapeza njira yotchipa, pofika pokatsimikizira mapepala n'kuuzidwa kuti digiriyo saizindikira. Funsani za zimenezi musanalipire fizi yoyamba.

Masukulu a ana a akazembe ndi anthu olemera, aja otsatira silabasi ya Cambridge IGCSE kapena IB, iwo amayang'ana zina: chiphaso cha uphunzitsi, monga PGCE, ndi zaka zimene mwaphunzitsa silabasi yawoyo. Masukulu otere tili nawo konkuno, monga Kamuzu Academy, St Andrew's ku Blantyre ndi Bishop Mackenzie ku Lilongwe. Zaka ziwiri pa sukulu yotere zingalemere pa kalata yanu yofunsira ntchito kuposa masitazi.

Za mtengo sindichedwapo, chifukwa mukudziwa mmene zinthu zilili. Ku Britain masitazi ndi ya chaka chimodzi, koma mayunivesite ambiri amalipiritsa wophunzira wakunja mapaundi oposa 15,000, osawerengera nyumba, chakudya ndi ndege. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja n'zovuta kupeza m'mabanki. Kugulitsa puloti kapena kudalira mchimwene wa ku Joni kuti alipire zonsezi, ntchito yakunjayo musanailawe n'komwe, kuli ngati kugula injini yaikulu ya boti musanakhale ndi bwato loti muimangirepo. Pitani kaye ndi digiri yoyamba ndi satifiketi, phunzitsani chaka chimodzi kapena ziwiri, muone ngati moyo wa kutali ndi ana anu mungaupirire. Mukaikonda ntchitoyo, masitazi mudzailipira ndi malipiro a konko, ndipo mudzadziwa chimene mukufuna kufufuza chifukwa mavutowo mudzakhala mutakumana nawo m'kalasi.

Ena munena kuti masikolashipu alipo. Alipodi. Chevening ya boma la Britain imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka 2. Ilipo ya Commonwealth, ilipo ya Beit Trust ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso ya A. S. Hornby Educational Trust imene ndi ya aphunzitsi a Chingerezi enieni. Koma anthu amenewa amapereka ndalama zawo kuti mukaphunzire mubwerere kudzatumikira kwanu. Chevening imachita kulemba kuti mubwerere kwa zaka zosachepera 2. Ngati mtima wanu uli pa kuphunzitsa aphunzitsi ku koleji kapena kukhala lekichara m'dziko muno, lembani kalata lero lomwe, chifukwa kumeneko masitazi ndi yofunikadi. Ngati cholinga ndi kuchoka, musasaine lonjezo limene simukufuna kusunga. Ndipo amene mukufuna masitazi ya konkuno, fufuzani kaye ku National Council for Higher Education ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka.

Tisaiwalenso kuti kunja sikutanthauza ndege yokha. Kuchoka pano kudzera ku Namwera mufika pa Chiponde, kuwoloka muli ku Mandimba, msewu wa ku Lichinga ndi ku Nampula. Mozambique imayendera Chipwitikizi, inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo mayiko ambiri oizungulira amayendera Chingerezi, choncho Chingerezi n'chofunika kumeneko. Rwanda inasintha masukulu ake kuchoka ku Chifalansa kupita ku Chingerezi mu 2008, ndipo mu 2022 inalandira aphunzitsi ochokera ku Zimbabwe kudzera m'mgwirizano wa maboma awiriwo. M'mayiko ngati amenewa palibe amene adzakuuzeni kuti katchulidwe kanu n'ka Chiafirika.

[Kamera ili pafupi ndi nkhope ya wofotokoza]

Pali china chimene sindingachisiye. Kulikonse kumene anthu akufuna kutuluka, madobadoba amafikako msanga. Tonse tinamva za amayi a dziko lino amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka akuzunzika m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Mphunzitsi wa digiri nayenso akhoza kugwa m'dzenje lomwelo. Munthu akakuuzani kuti mulowe m'dziko ndi viza ya alendo, mapepala adzakonzedwa mukafika, kanani, chifukwa wogwidwa akugwira ntchito popanda chilolezo ndi inu, osati iye. Funsani dzina la sukulu ndi mzinda wake, lemberani sukuluyo nokha, pemphani kulankhula ndi mphunzitsi amene akugwira ntchito pamenepo panopa. Kontirakiti ifike m'manja mwanu musanagule tikiti, ndipo ilembe malipiro, maola a pa sabata, za nyumba, ndi amene adzalipire ndege yobwerera.