Kutchuka ndi Malipiro a Azisudzo a M'mafilimu Akale

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo, ndiponso inu achinyamata a magulu a zisudzo amene mwadzaza kumbuyoko. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zoonetsera vidiyo, ndipo nkhope za anthu amene ankatiseketsa kapena kutiliritsa tikuzikumbukirabe, koma ndi ochepa mwa ife amene anadzifunsapo kuti anthuwo ankalowa m'nyumba zotani kamera ikazimitsidwa. Lero ndikufuna tione chimene chinkachititsa kuti wina atchuke dziko lonse koma n'kutsala wopanda kanthu, chifukwa ana athu ayamba kujambula mafilimu awo ndipo akulowa m'njira yomweyo.

Ndiyambe ndi bambo uja amene anatola botolo la Coca-Cola litagwa kuchokera m'ndege, mufilimu ya The Gods Must Be Crazy, imene inatuluka mu 1980. Dzina lake anali N!xau, wa mtundu wa San wa ku Namibia, ndipo asanakumane ndi Jamie Uys, mkulu wa ku South Africa amene anakonza filimuyo, anali asanagwirepo ntchito imeneyi. Filimuyo inaonetsedwa ku America, ku Ulaya, ku Japan ndi kuno ku Africa, n'kubweretsa madola mamiliyoni makumi angapo, pamene mwini nkhope imene anthu ankapita kukaonayo analandira kandalama kochepa zedi poyerekeza ndi phindulo. Anthu amakonda kufotokoza nkhani imeneyi moseka, ngati kuti vuto linali loti bamboyu sankadziwa ntchito ya ndalama, koma ine sindiiona choncho. Amene ankadziwa mtengo wa ntchitoyo anali mbali inayo ya tebulo, ndipo N!xau analibe womuimira pokambirana. Umboni wake ndi wakuti pojambula filimu yachiwiri, imene inatuluka mu 1989, iye anali atazindikira kuti popanda iyeyo palibe filimu, ndipo anaumirira mpaka analandira malipiro aakulu kwambiri kuposa oyamba aja. Kenaka anaseweranso m'mafilimu a ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kubwerera kwawo kufupi ndi Tsumkwe, kumene anamanga nyumba ya njerwa, ankalima chimanga, maungu ndi nyemba komanso kuweta ng'ombe. Anamwalira mu 2003 atadwala chifuwa chachikulu. Munthuyo anali yemweyo ndipo luso lake linali lomwelo m'mafilimu awiri onsewo. Chimene chinasintha ndi zimene anagwirizana asanayambe kujambula.

Musaganize kuti zoterezi zinkachitikira anthu akumudzi okha. Ku America kunali mwana wotchedwa Jackie Coogan, amene anasewera ndi Charlie Chaplin mufilimu ya The Kid mu 1921 ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo pa ubwana wake anapanga madola mamiliyoni. Atakula n'kufunsa za chuma chake, anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza anali atawononga pafupifupi chonse. Mu 1938 anawasumira kukhoti, koma pamapeto pake anangolandira madola 126,000. Inu makolo, pano ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa amene anadya thukuta la mwanayu anali a m'nyumba mwake momwe. Mlanduwo unachititsa manyazi boma la California moti mu 1939 linakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake, ndipo masiku ano lamulolo limanena kuti magawo 15 pa 100 alionse a malipiro a mwana wosewera m'mafilimu azisungidwa ku banki mpaka atakula.

Funso lalikulu pa ntchito imeneyi ndi lakuti, filimu ikaonetsedwanso kachiwiri ndi kachitatu, ndalama yake amalandira ndani? Wayilesi ya kanema itafala ku America m'zaka za m'ma 1950, makampani anayamba kugulitsa mafilimu awo akale kuti azionetsedwa m'makomo, koma osewerawo sankalandirapo kanthu, popeza anali atalipidwa kamodzi pa nthawi yojambula. Mu 1960 bungwe lawo la Screen Actors Guild, limene pa nthawiyo mtsogoleri wake anali Ronald Reagan, yemwe uja anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, linanyanyala ntchito kwa milungu pafupifupi 6. Anapambana pa mfundo yoti wosewera azilipidwanso filimu yake ikaonetsedwa pa kanema, ndiponso panakhazikitsidwa thumba la penshoni ndi la chithandizo cha kuchipatala. Koma malipiro obwerezawo anakhudza mafilimu ojambulidwa kuyambira 1960 okha, kotero amene anagwira ntchito zaka za m'mbuyomo anakalamba akudziona pa kanema popanda cheke chobwera pakhomo. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa amene anamanga ntchitoyo ndi amene anasiyidwa panja pa mgwirizano.

Kuno kum'mwera kwa Africa nkhondo imeneyi sinathe. Ambiri mukukumbukira Henry Cele, amene anali goloboyi wa mpira asanasewere ngati Shaka Zulu mu 1986, ndipo anamwalira ku Durban mu 2007. Nkhope yake inazungulira mayiko ambiri ndipo ikuonetsedwabe mpaka lero. Mukukumbukiranso sewero la pa kanema la ku South Africa la Generations, limene mabanja ambiri kuno kwathu ankaonera madzulo. Mu 2014 osewera 16 a m'seweroli ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, mgwirizano wa zaka zingapo, ndi gawo la ndalama zimene zimabwera sewero likaonetsedwanso kapena likagulitsidwa kunja. Onse 16 anachotsedwa ntchito, seweroli linaima kwa miyezi ingapo, ndipo linabweranso mu Disembala chaka chomwecho ndi nkhope zambiri zatsopano. Zimene anzawo a ku America anapeza mu 1960, iwo ankazipemphabe patapita zaka 54.

Tsono inu achinyamata, wina akabwera ndi kamera n'kukuuzani kuti mutchuka, mufunseni mafunso atatu musanavale zovala za sewerolo: mulandira zingati pa ntchito ya lero, mwini filimuyo ndani ikatha, ndipo ikaikidwa pa YouTube kapena kugulitsidwa ku wayilesi ya kanema, gawo lanu ndi lotani. Mayankhowo alembedwe papepala, nonse musaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge lake. Ngati wosewerayo ndi mwana, kholo lisaine, koma ndalama yake itsegulidwire akaunti yakeyake. Dziko lathu lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA (Copyright Society of Malawi), limene lakhalapo kuyambira 1992, ndi limene limayang'anira nkhani zoterezi, kotero atsogoleri a magulu anu apite akafunse mmene gulu lingalembetsere ntchito zake. Tikapuma pang'ono, ndipempha gulu lililonse litumize anthu awiri kutsogolo kuno, kuti tilembere limodzi chitsanzo cha mgwirizano umene mungagwiritse ntchito pa filimu yanu yotsatira. Zikomo kwambiri.