Amayi openta a ku New York nkhondo itatha: anali pomwepo, mbiri n'kuwadumpha

[Pa sikirini: chithunzi cha m'magazini ya Life, Januwale 1951]

Tayang'anitsitsani chithunzichi. Anachijambula ndi Nina Leen, ndipo muli anthu 15, akatswiri a penti amene ankamveka ku New York nthawi imeneyo: Jackson Pollock, Mark Rothko, Willem de Kooning, Barnett Newman ndi anzawo, onse m'masuti, nkhope zili ndwii. Kumbuyo, pamwamba pa onsewo, paima mayi mmodzi yekha, Hedda Sterne, wobadwira ku Romania. Mayiyu anakhala ndi moyo zaka 100, koma ankadandaula kuti anthu amamudziwa chifukwa cha chithunzichi kuposa ntchito ya manja ake.

Luso la anthuwa limatchedwa Abstract Expressionism. Wopenta safanizira munthu, mtengo kapena phiri. Chimene mumaona pachinsalu ndi mitundu, mizere, madontho, ndiponso mmene dzanja linayendera. Linakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mizinda ya ku Ulaya ili bwinja, likulu la zaluso likusamuka ku Paris kupita ku New York. Ndiye mukamangoona chithunzi chija mungaganize kuti amayi kunalibe. Komatu miyezi yochepa chabe chitatuluka, mu Meyi 1951, opentawa anadzikonzera okha chionetsero m'sitolo yakale pa 9th Street, ndipo pakhoma panali ntchito za Lee Krasner, Elaine de Kooning, Grace Hartigan, Joan Mitchell ndi Helen Frankenthaler.

[Pa sikirini: Milky Way, Janet Sobel, 1945]

Tiyambe ndi kudontheza penti, njira imene dziko lonse limati ndi ya Pollock. Ichi chinapentedwa mu 1945, Pollock asanayambe zinsalu zake zotchuka za 1947. Mwini wake ndi Janet Sobel, wobadwira ku Ukraine mu 1893, mayi wa ana wa ku Brooklyn amene anagwira burashi koyamba atapitirira zaka 40, pogwiritsa ntchito zipangizo za mwana wake wamwamuna. Ankayala chinsalu pansi, n'kumathira penti, kuidontheza, ngakhale kuiuzira ndi kachubu kagalasi, mpaka chinsalu chonse kudzaza popanda pakati kapena m'mbali. Peggy Guggenheim, mwini nyumba yoonetsera zaluso ku New York, anamukonzera chionetsero chakechake mu 1946.

Clement Greenberg, wolemba zaluso amene mawu ake ankakweza kapena kugwetsa munthu, analemba yekha patapita zaka kuti iye ndi Pollock anaona ntchito za Sobel mu 1944, ndipo Pollock anavomereza kuti zinamukhudza. Koma pomwepo Greenberg anamutchula Sobel kuti mayi wapakhomo, wopenta wosaphunzira. Apa tisapupulume kunena kuti Pollock anaba, chifukwa zinsalu zake n'zazikulu, zamphamvu, ndipo n'zakezake. Chokhacho n'chakuti amene anayamba kuyenda njirayo anangotchulidwa modutsa. Sobel anasamukira ku New Jersey, penti inayamba kumuwenga, dzina lake n'kuzilala.

[Pa sikirini: nyumba ya ku Springs, Long Island]

Nkhani ya Lee Krasner ndi imene imandigwira mtima kwambiri, chifukwa mukhoza kuiyeza ndi tepi. Krasner anabadwa mu 1908, ndipo pamene ankakumana ndi Pollock n'kuti ali kale katswiri wodziwika pakati pa anzake. Anaphunzira kwa Hans Hofmann, ndipo ankasimba yekha kuti tsiku lina mphunzitsiyo anayamikira ntchito yake ponena kuti n'njabwino moti munthu sangadziwe kuti waipanga ndi mkazi. Kumeneko kunali kuyamikira, tangoganizani.

Krasner ndi Pollock atakwatirana mu 1945 anasamukira ku Springs. Kuseri kwa nyumbayo kunali chinyumba chachikulu chamatabwa chosungiramo katundu, ndipo chinakhala chopentera cha mwamuna. Krasner anatsala ndi kachipinda kogona ka m'mwamba. Tsono onani zimene anapenta pakati pa 1946 ndi 1950, zimene zimatchedwa Little Images: tizinsalu tating'ono, todzaza thothotho ndi tizizindikiro tothithikana ngati zilembo za chinenero chosadziwika. N'zokongola zedi, koma kukula kwake ndi kukula kwa chipindacho. Uku akupenta, uku akusamalira mwamuna woledzera, uku akuthamangira ogula kuti zinsalu za mwamunayo zigulidwe.

Pollock anafa pa ngozi ya galimoto mu Ogasiti 1956, Krasner ali paulendo ku Ulaya. Chaka chotsatira mayiyu analowa m'chinyumba chija, ndipo tamvani: The Seasons, chimene anapenta mu 1957, m'litali chimapitirira mamita 5. Dzanja lomwelo, munthu yemweyo, khoma lokha ndi limene linasintha. Kenako, mayi ake atamwalira mu 1959, tulo tinamuthawa, n'kuyamba kupenta usiku. Popeza sankafuna kusankha mitundu yowala pa kuwala kwa magetsi, anangogwiritsa ntchito yofiirira ngati dothi, yakuda ndi yoyera. Kwa ine, zinsalu za usikuzi ndi zimene zimaposa zonse zimene anapanga. Chionetsero choyamba cha ntchito za moyo wake wonse chinachitikira ku Whitechapel Gallery ku London mu 1965. Cha ku Museum of Modern Art, kwawo ku New York, chinatsegulidwa mu Disembala 1984, iye atamwalira mu Juni chaka chomwecho.

[Pa sikirini: Mountains and Sea, 1952]

Helen Frankenthaler anali ndi zaka 23 pamene anapenta ichi. Anasungunula penti mpaka kukhala yamadzimadzi, n'kuithira pa chinsalu chosapakidwa kanthu, choyalidwa pansi. Penti inalowerera mu ulusi ngati tiyi wotayikira pa nsalu ya patebulo, moti mtundu ndi chinsalu zinakhala chinthu chimodzi. Mu 1953 Greenberg yemwe uja anatenga Morris Louis ndi Kenneth Noland a ku Washington kukaona chinsaluchi. Atabwerera kwawo anayamba kupenta mwanjira yomweyo, ndipo luso lotchedwa Color Field linakulira pamenepo. Frankenthaler sanaiwalike ngati Sobel ayi, koma olemba ena ankati mitundu yake n'njofewa mwachikazi, pamene njira yomweyo m'manja mwa Louis ankaiona ngati sitepe yatsopano m'mbiri ya luso.

Mayina nawonso ankabisidwa. Hartigan poyamba ankaonetsa ntchito zake pa dzina loti George Hartigan. Krasner nthawi zina ankangolemba L.K., ndipo Elaine de Kooning ankalemba zilembo zoyambirira zokha. Pamene Museum of Modern Art inatumiza chionetsero cha The New American Painting kukazungulira Ulaya mu 1958 ndi 1959, mwa openta 17 mkazi anali Hartigan yekha. Buku la H. W. Janson la mbiri ya zaluso, limene ophunzira a m'makoleji a ku America ankawerenga kuyambira 1962, linalibe wopenta wamkazi ndi mmodzi yemwe mpaka linasindikizidwanso mu 1986. Mwana wasukulu akanawadziwira kuti?

Kwa mkazi wakuda khomo linali lothina kuposa apa. Alma Thomas anaphunzitsa ana kujambula pa sukulu ina ya ku Washington kwa zaka 35, ndipo anayamba kupenta tsiku lonse atapuma pantchito mu 1960. Mu 1972, ali ndi zaka 80, anakhala mkazi wakuda woyamba kupatsidwa chionetsero chakechake ku Whitney Museum.

Masiku ano zinthu zasunthako. Mu 2016 Denver Art Museum inasonkhanitsa ntchito za amayi 12 a gululi m'chionetsero chimodzi. Pamsika, chinsalu china cha Krasner chinagulidwa madola pafupifupi 11.7 miliyoni mu 2019, ndipo cha Joan Mitchell, amene anakakhazikika ku France mpaka imfa yake mu 1992, chinafika pa 29 miliyoni mu 2023. Ndi ndalama zambiri, inde. Koma chinsalu cha Willem de Kooning chotchedwa Interchange chinamveka kuti chinagulidwa madola 300 miliyoni kale mu 2015.